Kukamuvuula Minh mu Zambezi

Ndege imene inabweretsa amayi ake a Minh inatera pa Chileka dzuwa lili paliwombo, mwezi wa Okutobala. Ine ndinali nditafika kalekale, mwana kumsana, nditavala diresi yobwereka kwa mnzanga. Lonjezo ndinamusambitsa kawiri tsiku limenelo n'kumudzola mafuta mpaka kuwala, poti ankakaonana ndi agogo ake koyamba.

Minh anali wa ku Vietnam, ngakhale pa Chileka aliyense ankangoti Mtchaina. Ankamanga nsanja za mafoni ku Tete, ku Mozambique, ndipo ankabwera kuno mwezi ndi mwezi kudzagula zida kapena kudzalandira anzake otsika ndege. Ine ndinkaperekera zakudya pa kalesitilanti kena pafupi ndi msika. Ankaitanitsa mpunga ndi nsomba, n'kupempha tsabola wina pamwamba pa tsabola amene ndamuikira kale. Tinayamba choncho. Ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, bwato limene anakwera powoloka Zambezi kukakonza nsanja kutsidya linagubuduzika. Ena anasambira n'kutuluka. Iye sanatuluke, ndipo thupi lake silinapezeke. Patatha sabata, mnzake wa kuntchito ananditenga kukandionetsa malowo. Ndi mudzi wina kumtunda kwa tauni ya Tete, maola awiri pa msewu wafumbi, pamene pali mlambe wong'ambika pakati ndi mphenzi. Ndinalira pamenepo n'kubwerera kwathu ku Lirangwe.

Chitatha chaka, uthenga unalowa pa foni yanga m'Chizungu chothyokathyoka. Wolembayo anati dzina lake ndi Lan, mlongo wake wa Minh. Nambala yanga anaipeza mu foni ina ya Minh imene inatumizidwa kwawo pamodzi ndi zovala zake. Kampani inali itamaliza ntchito ku Tete, anzake onse atabalalika, ndiye wodziwa pamene Minh anamirira ndinatsala ndekha. Amayi ake ankafuna kukafika pamalopo. Kodi ndingawaperekeze? Ndinavomera ndisanamalize n'kuwerenga komwe.

Anatuluka awiri pakhomo la ofika. Lan anali wowonda, wa magalasi, wamkulu kwa ine ndi zaka mwina khumi. Mayiwo anali aafupi, ondilekeza m'phewa, atakumbatira mtolo wokulunga m'pulasitiki umene anakana kuuika pa ngolo ya katundu. Ndinagwada. Iwo sanandiyang'ane. Anazungulira kumbuyo kwanga n'kuyamba kukoka chitenje.

"Akufuna kuona mwana," anatero Lan.

Ndinamasula Lonjezo n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anamugoneka pa sutikesi, n'kumasula thewera pamaso pa anthu onse, oyendetsa mataksi akuonerera. Anayang'ana kamodzi. Kenako anandibwezera mwanayo thewera lili lende, ngati mmene munthu amabwezera tomato amene wamupeza wofewa pamsika.

"Akuti ndi mtsikana," anatero Lan.

"Ndinakulemberanitu zimenezo."

"Sindinawauze. Ndinkafuna adzionere okha."

Mayiwo anandiloza ndi chibwano n'kunena liwu limodzi, lomveka ngati maza. Ndinaganiza kuti akuyesa Chizungu, akunditchula mayi wa mwana monga amanenera a m'tauni. Ndinamwetulira n'kuyankha kuti wawa.

Anagona pa resitihausi ina pa Chileka pomwepo. M'mawa mwake tinanyamuka pa kagalimoto ka asuweni anga a Lasitoni, amene anavomera kutifikitsa pa chipata cha Mwanza. Pa Kameza tinakhota kulowera kumpoto. Pa Lunzu tinaima ola lathunthu chifukwa mayiwo ankafuna mpunga, mchere ndi mazira awiri, ndipo dzira lililonse ankalikweza kudzuwa n'kulibweza. Wogulitsa atatopa anandifunsa ngati apongozi angawo akufuna dzira lokhala ndi setifiketi. Ndinaseka. Mawu akuti apongozi anandikoma.

Pa Lirangwe ndinapempha kuti tipatuke kwathu ndikatenge khadi la kusikelo la mwana. Bambo anga ndi mphunzitsi wamkulu wopuma, ndiponso mkulu wa mpingo. Chiyambire pamene anandiimitsa mgonero chifukwa cha mimba, ankandilankhula kudzera mwa amayi, ngakhale titakhala pa khonde limodzi. Alendo anawalandira bwino, anatulutsa mipando, n'kufunsa Lan m'Chizungu chawo chowongoka kuti akukatani kwenikweni ku Tete.

"Tikukamutulutsa m'madzi," anayankha Lan. "Mzimu wake. Sungatuluke wokha."

Bambo anagwedeza mutu mwaulemu ngati amva nkhani ya nyengo. Kenako anatembenukira kwa ine, koyamba pa chaka chonse.

"Edina, poyamba unatibweretsera mimba. Tsopano ukuperekeza anthu kukapembedza mizimu. Ukakamira nawo kumeneko usaganize kuti ine ndidzafuna galimoto yokakutenga."

Ananena akumwetulira, kuti alendo asadziwe. Amayi anandipatira mtedza wokazinga ndi chinangwa chophika m'jumbo, n'kundinong'oneza kuti mwana ndisakamuyandikitse kumadzi.

Sitinapite patali. Titangodutsa msika wa Mdeka, kutsogolo kwa galimoto kunayamba kufuka nthunzi. A Lasitoni anatsegula boneti, anaimba mluzu, n'kunena kuti lamba waduka koma ndi nkhani ya mphindi khumi. Anakwera kabaza kukafuna wina. Tinakhala pamenepo maola atatu, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi kagolosale kogulitsa sopo ndi mabisiketi okha. Kutentha kwake kunali kwa Okutobala weniweni, phula likuchita kunyezimira. Mayiwo anakana kutsika. Anakhala m'galimoto, zitseko zonse zotsegula, mtolo pamiyendo.

"Maza!" anaitana, akukweza botolo lopanda kanthu.

"Wawa!" Ndinathamanga kukawatungira madzi pa mjigo.

Nditabwerera, Lan ankandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ukudziwa chimene akukuitana?"

"Si akuti mayi?"

Anatola katoni ya sopo imene inali pansi, anaing'amba, n'kutulutsa cholembera. Analemba pang'onopang'ono ngati ali m'kalasi, ndipo ndinadzamva pambuyo pake kuti kwawo ndi mphunzitsi. Liwu loyamba linali nuoc. Anati ndi madzi, komanso ndi dziko, poti kwawo liwu lake ndi limodzi. Lachiwiri linali ma, kutanthauza mzukwa. Kenako analemba ma da, n'kunena kuti polemba amatero koma potchula amati maza.

"Ameneyu ndi mzukwa wa munthu womira," anatero. "Sapita kulikonse. Amakhala pansi pomwe anamirirapo, akuzizidwa, khungu lake loterera ngati nsomba yopanda mamba. Njira yake yotulukira ndi imodzi. Adikire munthu wina, amugwire mwendo, amukokere pansi kuti alowe m'malo mwake."

Pansi pake analemba Ha Ba. Ameneyo anati ndi mwini mtsinje, amene amatenga munthu wake chaka chilichonse. Kale asodzi a kwawo akaona munthu akumira ankangoyang'ana kumbali, chifukwa kumupulumutsa n'kulanda chakudya cha Ha Ba, ndipo iye amadzatenga mwana wa wopulumutsayo. Pomaliza analemba bac cau, kumanga mlatho. Mumtolo muja munali nsalu yoyera yaitali. Mbali imodzi imalowa m'madzi, ina imafika kumtunda, abale n'kumaitana dzina, kuti womirayo akwere pa nsaluyo popanda kukoka munthu.

"Ndiye kuti Minh panopa ndi ma da?"

"Malinga ndi iwowa, inde. N'chifukwa chake sagona."

"Nanga ine akundiitaniranji choncho?"

Lan anatseka cholembera. "Ntchito ya Minh inali itatha. Tikiti yobwerera inali itagulidwa. Iye anapempha chaka china. Ukudziwa chifukwa chake. Ndiye akuti amene anamugwira mwendo ndiwe."

Ndinayang'ana botolo limene ndinali nditangowapatsa. Ankamwa madzi anga, maso ali kumsewu. Kuyambira dzulo lake ndinali nditayankha wawa mwina kakhumi.

A Lasitoni anabwera ndi lamba wamfupi, anabwereranso, n'kudzabwera ndi wautali. Kachitatu anangokweza manja n'kutiimitsira minibasi ya ku Mwanza. Kondakitala atangoona nkhope za alendo anatchula mtengo wowirikiza kawiri, ati mtolo nawo ulipire. Amene anamukhazika pansi anali mayi wina wonenepa wa pampando wakutsogolo, a Nachisale, wochita malonda a zitenje ku Tete. Anamuuza kuti akapitiriza amutchulira dzina la mkazi amene amamudikirira pa Zalewa. Tinalipira ngati anthu onse.

Tinapanikizana pa mzere wachitatu. Kumbuyo kwathu kunali bambo wina wa jekete yachikopa, wonunkha kachasu, amene anasuzumira Lonjezo n'kufunsa mokweza kuti, "Achemwali, kamwanaka kakugona kapena kakuyang'ana?" Minibasi yonse inaseka. Atamva kuti bambo wake ankamanga nsanja za mafoni, anati, "Aa, ndiye netiweki inagwira bwinotu." Anasekanso onse, ngakhale dalaivala. Ndinamufunda mwana chitenje kumaso ngakhale kunkatentha. Lan anandifunsa chimene akuseka, ine ndinati akunena za mpira.

Pa mlatho wa Zalewa, Shire akuoneka pansi wofiirira, mayiwo anatsegula windo n'kuponya mpunga ndi mchere wodzaza dzanja. Mphepo inabweza mcherewo n'kuuthira m'maso mwa bambo wa jekete uja.

"Mayo! Akutilodza! Adalaivala imani, atsike anthuwa!"

Tinaima kutsidya kwa mlatho. Ogulitsa anatizinga ndi mbewa zotunga pa timitengo, malambe ndi madzi a m'mapepala, uku m'katimo anthu akukangana ngati titsike kapena ayi. Mayi wina anayamba kupemphera mokweza. Ndinafunsa Lan kuti ndiwauze chiyani. Anati mcherewo ndi wopepesera thuong luong, chinjoka cha m'madzi chokhala ndi timiyendo, chimene chimakhala pansi pa milatho, chimameza anthu ndipo chikakwiya chimagumula magombe. Nditamasulira, a Nachisale anawomba m'manja.

"Ameneyotu ndi Napolo! Wafika mpaka kwawoko? Ndiye inu a jekete, gogoyu wakulipirirani msonkho kwa Napolo, inu mukuti akulodzeni? Akulodzeni atengepo chiyani, jekete?"

Anthu anatembenuka n'kuyamba kuseka bamboyo. Tinanyamuka.

Msewu wa ku Mwanza ndi zitunda ndi makala m'mbali, ndipo ine sindinaone zambiri. Ndinkangowerenga katoni ija. Tinafika pa chipata cha m'ma 3, malole atandanda mtunda wautali, madalaivala akuphika pansi pa matayala. Mbali ya kwathu tinadutsa bwino. Kuchoka apo kukafika ku Zobue, chipata cha Mozambique, pali kamtunda, ndiye tinakwera njinga zamoto. Mayiwo anakhala chammbali, mtolo pachifuwa, maso otseka. Silipasi yawo imodzi inagwa panjira ndipo anakana kuti tibwerere, anangoyenda phazi limodzi lili pansi.

Pa Zobue pankafunika Chipwitikizi, ndipo pakati pathu wochidziwa anali a Nachisale okha. Lan anawapatsa kalata ya ku kampani yofotokoza za ulendowu kuti akathandize pa windo. Ine ndinakhala panja pa benchi ndikuyamwitsa. Panadutsa nthawi yaitali, mzere ukuyenda ngati wa kuchigayo. Kenako a Nachisale anatuluka okha, akugwira pakamwa.

"Achemwali, munati mayi wa magalasiyu ndi ndani wanu?"

"Alamu anga. Mlongo wawo wa malemu."

"Alamu!" Anaseka mpaka kutsamira chipupa. "Pepala lija likuti esposa. Mkazi wake, wa ukwati, wa ana awiri aakazi. Mwakhala mukunyamulira chikwama mkazi mnzanu kuchokera ku Chileka!"

Sanalekere pomwepo. Anaitana amayi ena awiri a malonda n'kuwafotokozera, akundiloza. Mmodzi anati, "Shuwa? Ndiye akakukankhirani mu Zambezitu, muzisamala." Anaseka onse atatu, n'kundipatsa nthochi.

Lan atatuluka ndi mapasipoti, ndinamuimirira kutsogolo.

"Ndinu mkazi wake?"

"Inde."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ukanabwera?"

Sanakweze mawu. Anaika mapasipoti m'chikwama, n'kutseka zipi bwinobwino.

"Mauthenga anu onse ndinawawerenga," anatero. "Ndi dikishonale. Zinanditengera miyezi itatu, ana akagona. Ukufuna kudziwa chimene ndinapeza? Zimene ankakulembera iwe ndi zomwezo ankandilembera ine. Tsiku lomwelo, nthawi zina ola lomwelo. Ankangosintha chilankhulo."

Minh anandiuza kuti alibe mkazi. Anandiuza titakhala pa kabenchi kuseri kwa lesitilanti, atagwira dzanja langa, ndipo anatchula amayi ake ngati mboni. Amayi akewo anali apo, ataima ndi silipasi imodzi, akundiyang'ana ngati chinthu chimene chatuluka m'ngalande.

Ndikanatha kubwerera. Njinga zamoto zinalipo, ndipo ndikanafika ku Lirangwe tsiku lomwelo. Ndinaganiza za nkhope ya bambo anga akumva nkhaniyi, ndi mmene akanagwedezera mutu. Ndinamanga mwana kumsana n'kukwera nawo minibasi ya ku Tete. Sindinadziwe chimene ndikukachita.

Kuchoka pa Zobue msewu umatsika, ndipo ukamatsika kutentha kumakwera. Tinaima kawirikawiri, apa kukweza matumba a makala, apo kutsitsa mbuzi. Cha ku Moatize fumbi lake ndi lakuda, la malasha, limakanirira m'mano. Lonjezo analira njira yonse, thukuta lili chuchuchu. Mayiwo anatseka makutu ndi zala. Nthawi ina mwana anatambasula dzanja n'kugwira pulasitiki ya mtolo, iwo anakamenya kadzanjako, phwa. Sikunali kumenya kwambiri. Ndinangomusunthira mbali ina. Tinalowa mu Tete dzuwa litalowa kale, tinasiyana ndi a Nachisale akundiuzabe kuti ndizisamala, n'kupeza chipinda chimodzi cha mabedi awiri. Iwo anagona pa mabedi, ine ndi mwana pa mkeka.

M'mawa Lan anapeza taksi. Dalaivala anali Mnyungwe, ndipo chilankhulo chawo ndi chathu timamvana ndithu. Anandifunsa kuti tikupita kuti. Lan ndi apongozi ake anali kumbuyo, onse akundiyang'ana pakamwa. Ndinkaudziwa msewu wake: kudutsa msika, kukhotera kumtunda, maola awiri a fumbi, mlambe wong'ambika.

"Kumunsi," ndinatero. "Paliponse pamene galimoto ingafike pamadzi. Pafupi pomwepa."

Sitinayende mphindi makumi awiri. Anatitsitsa pa gombe lina kumunsi kwa tauni, pamene amuna ankatsuka malole ndi kukweza mchenga, amayi akuchapa chapatali pang'ono. Madzi a m'mphepete anali ndi thovu la sopo ndi utawaleza wa oyilo. Mayiwo anatsika n'kuyang'ana mtsinje, kukula kwake konse kuja. Analankhula kwa Lan.

"Akufunsa ngati ndi pano."

"Ndi pano," ndinayankha.

Mayiwo anatulutsa timizere tiwiri ta nsalu yoyera, timene abale a malemu amavala polira maliro. Kamodzi anamanga kumutu kwa Lan, kena anasunga m'manja kanthawi akuyang'ana Lonjezo, kenako anakabweza m'chikwama. Anayala mphasa yaing'ono pamchenga, anaikapo mbale ya mpunga, mazira aja, chithunzi cha Minh atavala suti imene sindinamuonepo nayo, ndi malaya ake a ntchito. Anayatsa timitengo tofukiza n'kutizika mumchenga. Kenako anamasula mtolo. Nsaluyo inali yaitali ngati kanjira ka pakati pa tchalitchi chathu. Lan anagwira mbali imodzi. Mbali inayo inafunika munthu woti alowe nayo m'madzi n'kuipsinja ndi mwala. Mayiwo anandiloza ndi chibwano.

"Akuti ulowe ndiwe," anatero Lan. "Akuti madzi ndi kwanu."

Ndinamasula mwana. Panalibe womupatsa wina koma Lan, ndipo anamulandira ndi mkono umodzi, wina atagwira nsalu. Ndinakwinya diresi, ndinatola mwala, n'kulowa chobwerera m'mbuyo, maso anga ali pa mkono umene unanyamula mwana wanga. Matope anali ofunda pamwamba, ozizira pansi. Madzi atafika m'ntchafu amayi ochapa aja anayamba kukuwa kuti kuli ng'ona, ndituluke. Mayiwo ankakupiza dzanja kuti ndipitirirebe. Ndinapita mpaka m'chiuno, ndinamiza nsalu, ndinaipsinja. Kanthu kena koterera kanandikhudza pa katumba. Mwina linali jumbo. Ndinatuluka mothamanga, ndikugwa, amuna a malole akuseka.

Ndiye mayiwo anayamba kuitana.

"Minh oi! Minh oi!"

Sindinamvepo munthu wamng'ono thupi choncho akutulutsa mawu otere. Amuna aja anasiya kuseka, wina anazimitsa wailesi. Ankaitana, n'kulankhula ndi madzi ngati akunyengerera mwana amene wakwera mumtengo, n'kuitananso. Lan anandiuza chapansipansi kuti akuti bwera mwananga, kwazizira, tiye kwathu, ndakuphikira. Kenako anatulutsa kambale ndi makobidi awiri akale. Akagwa mosiyana, lina chagada lina chafufumimba, ndiye kuti wabwera. Anaponya koyamba, onse anagwa mofanana. Anaitananso mpaka mawu anasasa. Kachiwiri, chimodzimodzi. Anagwada, anagunditsa chipumi pamchenga katatu, n'kukwawa ndi maondo mpaka m'mphepete mwa madzi, akusisita nsalu ngati msana wa munthu.

Ine ndinaima pamenepo diresi ikudontha. Ndikanatha kunena kuti malo ake si ano. Mawu ake anali afupi, ndipo taksi inali ikudikira. Ndinayang'ana kadzanja ka Lonjezo, ndinayang'ana msana wa mayiwo ukugwedezeka, ndipo sindinamve chisoni ngakhale pang'ono. Ndinkafuna aponye kachitatu, alepherenso.

Anaponya. Lina chagada, lina chafufumimba.

Anakuwa, n'kuyamba kukoka nsalu mofulumira, akuipinda yonyowa choncho ndi matope ake, akuseka uku akulira. Anaikulunga m'malaya a ntchito aja n'kuikumbatira, akuigwedeza, akuiuza zinthu zambirimbiri. Amayi ochapa anabwera kudzaona, ndipo mmodzi anapukuta misozi ndi chitenje.

Lan anabwera pamene ndinaima n'kundibwezera mwana. Anatulutsa foni, anafufuza pang'ono, n'kundionetsa chithunzi. Unali mlambe wong'ambika pakati, mabwato atatu pansi pake.

"A kampani ananditumizira sabata imene anamwalira," anatero. "Mtengo umenewu uli kuti?"

Ndinamanga mwana kumsana.

"Ndinadziwa galimoto itangokhota," anatero Lan.

"Muwauza?"

Anayang'ana apongozi ake, amene ankapsompsona mtolo. Kenako anayang'ana kumtunda kwa mtsinje, kutali, kumene madzi ankachokera. Anavula kansalu koyera kumutu, anakapinda kanayi n'kukaika m'thumba.

"Msiye akhale komweko," anatero.

Ulendo wobwerera unayenda bwino mochititsa manyazi. Palibe galimoto imene inafa, palibe mzere umene unatichedwetsa. Mayiwo analipirira mtolo mpando wakewake, wa pawindo, ndipo kondakitala sanafunse. Pa mlatho uliwonse, ngakhale wa kakhwawa kouma, ankaugogoda n'kuuuza kuti tikuwoloka, asasochere. Pa Zobue anaugulira nthochi n'kuuikira pamwamba. Anadya mtedza wa amayi anga, anagona tulo mutu atatsamira phewa la Lan, pakamwa pali yasa. Lan ndi ine sitinalankhulane kuchokera ku Tete mpaka ku Zalewa. Pamenepo anandipempha madzi, ndinamupatsa. Tikudutsa pa Lirangwe ndinaona denga la kwathu kuseri kwa mitengo ya bulugamu, koma sindinatsike, chifukwa ndinalonjeza kuwafikitsa pa ndege.

Tsiku lonyamuka, pakhomo la bwalo, mayiwo anapatsa Lan chikwama n'kubwera kwa ine. Anandiyang'ana kumaso, koyamba. Maso awo anali ofiira koma opepuka. Anandigwira manja onse awiri n'kunena mawu angapo.

"Akuti zikomo, mwana wanga," anamasulira Lan, akuyang'ana bolodi la nthawi za ndege. "Akuti unalowa m'madzi chifukwa cha iye. Akuti anakulakwira."

Kenako anakweza mtolo n'kuufikitsa pamaso pa Lonjezo. Unali utauma, ukununkha matope ndi sopo wa malole.

"Akuti mwana atsanzike bambo ake."

Ndinatenga kadzanja ka mwana wanga n'kukaika pa nsaluyo. Anaisisita, anaseka, n'kufuna kuiika m'kamwa. Mayiwo analira, akugwedeza mutu kuti inde, inde, wamuzindikira.

"Muyende bwino, amayi," ndinatero. "Mukafike naye bwino."

Lan anamasulira mawu anga onse, osasiyapo ngakhale limodzi.